Kodi M'chifaniziro Mumakhala Yani?

Madame Tussauds ndi nyumba yoonetseramo ziboliboli za phula la njuchi, zoumbidwa mofanana ndi anthu otchuka: msinkhu womwewo, tsitsi lomwelo, mpaka kakhalidwe ka mano ndi timadontho ta pakhungu. Nyumba yaikulu ili pa Marylebone Road mumzinda wa London, ndipo nthambi zake zili ku Amsterdam, New York, Hong Kong, Berlin, Sydney, Dubai ndi kwina. Wokaona amalipira pakhomo n'kuyamba kuyenda m'zipinda mmene mafumu, atsogoleri a mayiko, oimba, anthu a m'mafilimu ndi akatswiri a mpira angoti njo, maso ali tong'o. Amaloledwa kuima pambali pawo n'kujambulitsa. Palibe chiboliboli chimene chimalangiza munthu kapena kuchiza matenda. Chimene anthu amalipirira ndi kufananako basi.

Malo oterewa amadzutsa funso lakale kuposa nyumbayo. Munthu akapanga chinthu chooneka ngati munthu mnzake, wapanga chiyani? Kodi mwini nkhope amakhalamo mwa njira ina yake, kapena ndi phula chabe? Funsoli si lachilendo ku Mchinji, boma la m'malire kumene munthu woyenda pa njinga angadutse tsiku limodzi tchalitchi chokhala ndi chifaniziro cha Amayi Maria, tchalitchi china cha makoma opanda chithunzi n'chimodzi chomwe, mzikiti, ndi bwalo la gule wamkulu. Onsewa ali ndi mayankho awo, ndipo mayankhowo sagwirizana.

Phula linayamba kutumikira akufa lisanatumikire otchuka. Ndi lofewa, limasungunuka madzi asanafike powira, limalandira utoto, ndipo kuwala kumalowa pang'ono m'kati mwake monga kumachitira pa khungu la munthu. Ku Roma wakale mabanja a akuluakulu ankasunga nkhope za phula za makolo awo m'timakabati ta m'chipinda cholandiriramo alendo. Polybius, Mgiriki wolemba mbiri amene anakhala ku Roma zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, anafotokoza kuti pa maliro a munthu wamkulu nkhopezo ankazitulutsa n'kuveka amuna ofanana msinkhu ndi eni ake, atavalanso mikanjo ya maudindo amene makolowo anali nawo. Motero akufa a mtundu wonse ankaperekeza maliro a mdzukulu wawo. Mchewa sangavutike kumvetsa mwambo umenewu. Ku Westminster Abbey kukusungidwabe ziboliboli za phula za mafumu ndi akuluakulu, monga cha Mfumu Charles II amene anamwalira mu 1685, ndipo ku tchalitchi cha Santissima Annunziata ku Florence anthu olemera ankapereka zifaniziro zawo za msinkhu wathunthu pothokoza kuti apulumuka ku matenda kapena kwa adani.

Mayi amene nyumba ya ku London ikudziwika ndi dzina lake anabadwa mu 1761 ku Strasbourg, dzina lake Marie Grosholtz. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe, ndipo mayi ake anakalowa ntchito ya m'nyumba kwa dokotala wina wa ku Bern, Philippe Curtius, amene ankaumba ziwalo za thupi ndi phula zophunzitsira za udokotala. Curtius atasamukira ku Paris mu 1765 anaona kuti nkhope za anthu otchuka zimabweretsa ndalama kuposa ziwindi ndi mitima, ndipo anatsegula chionetsero. Mtsikanayo anakulira m'manja mwake n'kuphunzira ntchitoyo. Mu 1777 anaumba wolemba mabuku Voltaire, kenako Rousseau ndi Benjamin Franklin. M'buku la mbiri ya moyo wake la mu 1838 ananena kuti anakhalako ku nyumba yachifumu ya Versailles monga mphunzitsi wa mlongo wake wa mfumu, nkhani imene olemba mbiri ambiri amaikayikira. Woumba nkhope za ena anaumbanso mbiri yake momwe anafunira.

Anthu a ku France ataukira ufumu, phula linalowa m'ndale. Pa 12 July 1789, kutatsala masiku awiri kuti ndende ya Bastille igwe, khamu linafika kwa Curtius n'kutenga mitu ya phula ya Jacques Necker, nduna imene mfumu inali itangoichotsa, ndi ya kalonga wa ku Orléans. Anaiveka nsalu zakuda n'kuyenda nayo m'misewu ngati maliro, ndipo atakumana ndi asilikali magazi anakhetsedwa. Patangopita zaka zochepa, mitu yoyendetsedwa m'misewu inali yeniyeni. Malinga ndi kunena kwa Marie, iye anatumidwa kutenga zikombole pa nkhope za ophedwa: Mfumu Louis XVI ndi mkazi wake Marie Antoinette amene anadulidwa mitu mu 1793, Marat amene anabayidwa ali m'bafa chaka chomwecho, ndi Robespierre mu 1794.

Curtius anamwalira mu 1794 n'kumusiyira katundu yense. Marie anakwatiwa ndi François Tussaud mu 1795, ndipo mu 1802 anaoloka nyanja kupita ku England ndi mwana wake wamwamuna wamkulu komanso ziboliboli zake. Ku France sanabwererenso. Anayendayenda m'mizinda ya Britain ndi Ireland zaka 33, kutsegula chionetsero pano lero, mawa kumanga katundu. Nthawi imeneyo kunalibe zithunzi zojambula ndi kamera, choncho kwa munthu wamba wa kutali ndi London chionetsero cha Madame Tussaud chinali amodzi mwa malo ochepa oonera kuti Napoleon ankaoneka bwanji. Mu 1835 anakhazikika pa Baker Street. Mitu ya ophedwa aja pamodzi ndi ziboliboli za zigawenga anaziika m'chipinda chapadera cholipiritsa ndalama yoonjezera, chimene chinadzatchedwa Chamber of Horrors. Iye anamwalira mu 1850 ali ndi zaka 88. Adzukulu ake anasamutsira nyumbayo pa Marylebone Road mu 1884; moto unaipsereza mu 1925, inatsegulidwanso mu 1928, ndipo bomba la Ajeremani mu 1940 linaphwanya zikombole za mitu 352. Nthambi yoyamba ya kunja inatsegulidwa ku Amsterdam mu 1970, ndipo kuyambira 2007 mwini wake ndi kampani ya Merlin Entertainments.

Kapangidwe ka chiboliboli chimodzi kamatenga miyezi. Mwini nkhope akavomera, amamuyeza miyeso yoposa 200 ndi kumujambula mbali zonse. Mmisiri amaumba mutu ndi dongo, pa dongolo amathira pulasitala kuti atenge chikombole, ndipo m'chikombolemo ndimo amathira phula losungunuka. Monga chikombole cha njerwa, chimodzi chikhoza kubala mitu ingapo yofanana. N'chifukwa chake moto wa 1925 sunathe zonse, pakuti zikombole zambiri zinapulumuka. Mutu umaumbidwa wokulirapo pang'ono popeza phula limanyala likazizira. Tsitsi ndi la munthu weniweni ndipo limalowetsedwa limodzilimodzi, ntchito ya milungu ingapo, pamene khungu limapakidwa penti mobwerezabwereza mpaka timitsempha tioneke.

Aliyense wolowa m'nyumbamo amadziwa kuti ndi phula. Komabe zochita za anthu zimatsutsa zimene akudziwazo. Mu 1893 Alfred Monson anazengedwa mlandu wakupha ku Edinburgh, ndipo khoti linagamula kuti umboni sunakwanire. A Tussauds anamuumbabe atagwira mfuti n'kumuimika pafupi ndi khomo la chipinda cha zigawenga. Monson anawasumira, ndipo khoti linavomereza kuti chiboliboli chikhoza kuipitsa mbiri ya munthu monga momwe nkhani ya m'nyuzipepala ingachitire, ngakhale chipukutamisozi chimene anapatsidwa chinali kakobiri kamodzi kotsikitsitsa ka nthawiyo. Mu July 2008, pa tsiku lotsegulira nthambi ya Berlin, bambo wina anadumpha chotchinga n'kuthyola mutu wa chiboliboli cha Adolf Hitler. Munthu sathyola khosi la kandulo. Wochita zimenezi anaona kanthu kena ka Hitler pamenepo, monga khamu la 1789 linaona kanthu kena ka Necker.

Zipembedzo zinazindikira mphamvu imeneyi kalekale. Lamulo la pa Eksodo 20 limaletsa kusema chifaniziro cha cholengedwa chilichonse n'kuchigwadira. Koma buku lomwelo, pa mutu 25, limalamula kupanga akerubi awiri a golide pamwamba pa Bokosi la Chipangano, ndipo pa Numeri 21 Mose akuuzidwa kupanga njoka ya mkuwa kuti olumidwa akaiyang'ana achire. Nkhani ya njokayi ndiyo imamasula mfundo yonse. Patapita mibadwo yambiri Mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani, monga likunenera buku la 2 Mafumu 18. Mkuwa unali womwewo, maonekedwe omwewo. Chinasintha ndi chimene anthu ankayembekezera kwa iyo. Yesaya 44 akuseka mmisiri amene mtengo umodzi awotha nawo moto ndi kuphikira chakudya, chotsala n'kuchisema kuti chimupulumutse. Chimene mneneri akuseka si kusemako, koma pemphero lopita kwa nkhuni.

Akhristu anakanganapo kwa zaka zoposa 100 mu ufumu wa Byzantium, mafumu ena akuphwanya zithunzi, amonke akuziteteza. Yohane wa ku Damasiko anati popeza Mulungu anavala thupi mwa Khristu, tsopano akhoza kujambulidwa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 unagamula kuti chithunzi chilandire ulemu, osati kupembedzedwa kumene n'kwa Mulungu yekha, ndi kuti ulemuwo sutsalira pa thabwa koma umapitirira kwa amene wajambulidwayo. Mpingo wa Katolika ukuimabe pamenepo. A John Calvin ndi owatsatira anakana: kwa iwo mtima wa munthu umathamangira mafano msanga kwambiri, moti kusiyanitsa ulemu ndi chipembedzo kumatheka m'buku, osati pa maondo. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563 amakana zithunzi m'tchalitchi ngakhale zitati zikhale zophunzitsira osadziwa kuwerenga. Mu Chisilamu muli chiphunzitso chochokera kwa Mtumiki Muhammad chakuti opanga zifaniziro za zamoyo adzauzidwa pa tsiku la chiweruzo kuti apatse moyo zimene anapangazo, ndipo adzalephera. Pamenepa vuto si kupembedza kokha, koma kupikisana ndi Mlengi.

Mikangano ya kutaliyi inafika m'malire a Malawi ndi Zambia pafupifupi nthawi imodzi. Amishoni a Dutch Reformed, otsatira a Calvin aja, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anali ndi anzawo amene anatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. Ansembe a Katolika a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, pamalo pamene pambuyo pake panadzamangidwa seminale yaikulu imene ofuna unsembe amaphunzirako filosofi. Mwana wa ku Mchinji wa nthawi imeneyo ankatha kumva mphunzitsi mmodzi akunena kuti chiboliboli cha m'tchalitchi ndi fano, wina n'kunena kuti ndi chikumbutso choyera. Pa chinthu chimodzi chokha aphunzitsi awiriwo ankagwirizana: onse ankadana ndi nyau.

Chonsecho gule wamkulu ali ndi yankho lakelake pa funsoli, ndipo n'lozama kuposa momwe amishoni oyamba analiganizira. Za ku dambwe n'za eni ake amene anagula njira. Koma zimene aliyense amaona pa bwalo n'zokwanira kuonetsa kusiyana kwake ndi nyumba ya ku London. Chilombo sichiyesa kufanana ndi malemu. Pa maliro kapena pa bona sipatuluka nkhope yoti amasiye anene kuti ndi ya agogo awo. Pamatuluka Chadzunda, Kapoli, Makanja, kapena Kasiyamaliro wolukidwa ndi makoko a chimanga. Komabe mwa mwambo chotulukacho ndi mzimu, ndipo anthu amachipatsa njira, amachiopa, amayi amachiimbira ndi kuchiwombera m'manja. Ku Marylebone Road kufanana n'kwathunthu koma palibe amene amati mwini wake wafika. Pa bwalo kufanana kulibe koma mudzi wonse umachita monga kwafika alendo ochokera kwa makolo.

Kusiyana kwina kuli pa kuyenda ndi pa kutha. Chiboliboli cha phula chimasungidwa pozizira, chimakonzedwa tsitsi ndi kupukutidwa kuti chikhalitse. Chilombo moyo wake uli m'ng'oma, m'fumbi ndi m'nyimbo. Chikasiya kuvina chapita. Kenji Yoshida, wofufuza wa ku Japan amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, analemba kuti zilombo zikuluzikulu zolukidwa zija zimatenthedwa mwambo wa bona ukatha, mzimu wa malemu utaperekezedwa. Ntchito yake si kugwira womwalirayo kuti akhalebe pakati pa amoyo ndi nkhope yake yakale, koma kumuolotsa kuti akakhale kholo. Phula limakana imfa poumitsa munthu pa tsiku limodzi la unyamata wake. Gule amaivomera imfa n'kuipatsa dongosolo.

Ngakhale pamene gule atenga munthu wodziwika, satenga nkhope yake koma khalidwe. Maliya ndi Simoni anatuluka pa nthawi imene nyau ndi amishoni ankalimbirana ana a m'midzi. Simoni ndi wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo kavinidwe kake n'kophunzitsa ndi koseketsa pamodzi. Amishoni ankati n'kunyoza zoyera. Mwina kunyoza kunalimodi, koma munalinso nzeru ya anthu opanda mphamvu: mlendo woopsa amamuloza, amamupatsa nyimbo, n'kumuika pa mndandanda wa zilombo za mudzi. Chodabwitsa n'chakuti amene anadzasonkhanitsa zigoba zambiri za gule m'Malawi muno ndi wansembe wa chipani cha White Fathers chomwecho, Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zigoba zoposa 400. Ntchitoyo yapulumutsa zambiri zimene zikanaiwalika, ndipo UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Koma chigoba chopachikidwa chopanda ng'oma chayandikira kale mkhalidwe wa chiboliboli cha phula: chimaonedwa, sichifika. Achewa a ku Mchinji amene amaoloka pa Mwami mwezi wa August kupita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, amapita kukaona gule akuvina, osati atapachikidwa.

Ku Mua komweko kuli umboni wina wakuti kufanana si kumene kumanyamula ulemu. Amisiri a Kungoni amasema Yesu ndi Amayi Maria ndi nkhope za Chiafirika, ndipo Akatolika amapemphera patsogolo pake mosakayika. Palibe amene akudziwa nkhope yeniyeni ya Maria. Chifaniziro cha m'tchalitchi chimagwira ntchito chifukwa cha dzina ndi nkhani imene mpingo wachipatsa, osati chifukwa cha miyeso ya mphuno. Pa mfundo imeneyi tchalitchi ndi bwalo n'zoyandikana kuposa momwe mbali zonse ziwiri zingafunire kuvomera.

Ziboliboli za boma ndizo zili pakati, ndipo Amalawi aonetsa kuti sazitenga ngati miyala wamba. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda chithunzi chake chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Mbumba inkavala nkhope yake pa zitenje. Chiboliboli cha Bingu wa Mutharika cha ku Nyumba ya Malamulo chitaonekera mu 2019, dandaulo lalikulu linali lakuti sichikufanana ndi malemuwo, ngati kuti nkhope yolakwika ndi chipongwe kwa mwini wake. Mu October 2018 khoti lalikulu ku Blantyre linaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner, achinyamata atadandaula za mawu amene iye analemba onyoza anthu akuda ali ku South Africa. Apa kufanana sikunali nkhani. Funso linali lakuti ndani woyenera kuimikidwa. Ndipo mu September 2022 Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku Oxford, anaimika John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London, potengera chithunzi cha mu 1914. Anamukulitsa dala kuposa mzungu John Chorley woima pambali pake, chipewa chili kumutu, pokumbutsa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Anaphwanya miyeso kuti anene zoona, zimene mmisiri wa phula saloledwa kuchita.

Poyeza ndi muyeso wa Hezekiya, Madame Tussauds si nyumba ya mafano. Palibe wofukiza lubani, palibe wopempha mvula kwa woimba wa phula, ndipo Mkhristu kapena Msilamu amene wajambulitsako sanagwadire kanthu, ngakhale aphunzitsi ena a Chisilamu angadzudzule kuumbako pakokha. Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pa kasankhidwe. Mpingo umaimika munthu chifukwa cha chiyero chake, gule amatulutsa chilombo chifukwa cha mwambo umene chikuphunzitsa, boma limaimika amene likuti anamenyera dziko. Nyumba ya phula imaimika amene anthu angalipire kuti amuone. Pa tikiti imodzi munthu amaona Nelson Mandela ndi zigawenga zopha anthu, ndipo nyumbayo siweruza pakati pawo kupatula kuwaika m'zipinda zosiyana. Cholemekezedwa pamenepo ndi kutchuka, kumene sikufunsa kuti munthu watchuka ndi chiyani.

N'chifukwa chake anthu a m'nyumbamo amasinthasintha. Wandale akagwa pa chisankho, kapena woimba akaleka kukoka anthu, chiboliboli chake chimachotsedwa, mutu ndi manja n'kukasungidwa kosungira katundu, malo ake n'kulowapo wina. Mu January 2020, Prince Harry ndi mkazi wake Meghan atangolengeza kuti akusiya maudindo a banja lachifumu, ziboliboli zawo zinachotsedwa pambali pa Mfumukazi Elizabeth II tsiku lotsatira lomwe. Chipinda cha zigawenga chinatsekedwa mu 2016, koma mu 2022 eni nyumbayo anachitsegulanso.